Dzina lanu pa kompyuta ya ku Chitala

Amayi anga,

Kaya kwacha bwanji kumene muliko? Ife kuno tadzuka, kungoti mwera wavuta sabata yonseyi. Asodzi angokhala pamchenga kusoka maukonde, ndipo ndiwo zathu zasanduka nyemba m'mawa ndi madzulo.

Ndiyambe ndi zokoma. Chikondi, mzime wanu uja, wabereka mwana wamkazi. Mphuno ndi yanu yeniyeni, ndipo akayamba kulira sasiya mpaka atapeza chimene akufuna, ndiye palibe amene akufunsa kuti watengera yani. Kumunda takolola bwino, nkhokwe yadzaza, ngakhale kuti mbali ya kudambo anyani anadyako gawo lawo osapempha. Mbuzi yanu yamawanga yaswa ana awiri. Denga la khitchini likadali chomwecho, musandikalipire, ndilikonza mvula isanayambe.

Koma nkhani yaikulu ndi ya kompyuta yanu ija, imene anakupatsani pamene ofesi ya thonje ku Chitala inkatsekedwa, mutataipa makalata awo zaka zonse zija. Ndimakumbukabe mmene munatsikira nayo minibasi padepoti, chigalasi chake mutachikulunga m'chitenje ngati mwana wodwala, mukukalipira kondakitala kuti asachigunde.

Tsiku logawa katundu wanu, azimayi anatenga zitenje ndi mapoto, amalume anatenga njinga ndi wailesi. Kompyuta inangotsala pakhonde, aliyense akuyang'ana kumbali. Amalume anati tigulitse kwa ogula zitsulo zakutha. Wina anati tichotse zam'kati kuti nkhuku iziikiramo. Ine ndinangoitana wakabaza n'kubwera nayo kunyumba kwathu kunyanja.

Mukudziwa kuti mafoni ndimakonza tsiku ndi tsiku, koma nditatsegula chimakina chimenechi ndinagwira pakamwa. Munali mazira a abuluzi, mphemvu zouma ndi dzimbiri. Ndinatsuka ndi mswachi wakutha ndi sipiriti, ndinasintha kabatire, ndinalumikiza timawaya tiwiri timene makoswe analawako. Zinanditengera masabata atatu. Ndikafuna kutaya mtima ndinkamva mawu anu aja oti kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku lina masana ndinadina batani, inalira kamodzi kuti piii, kenaka n'kuyamba kung'ung'udza monga inkachitira kale. Disiki ya masewera aja ndinaipeza m'buku lanu la nyimbo, yokutidwa ndi kapepala ka pulasitiki.

Masewera ake ndi omwe aja a njerwa zogwa kuchokera kumwamba, zoti munthu azizitembenuza n'kuziyala, mzere ukadzaza uzifufutika. Atangotseguka, pamwamba penipeni panaoneka dzina lanu m'zilembo zobiriwira: ELUBE, ndipo pambali pake 48,260. Amayi, ndinakhala pansi. Mpongozi wanu anandipeza ndikuseka misozi ili mbwembwembwe, mpaka anaganiza kuti magetsi andigwira.

Ndinaseka chifukwa ndinakumbukira mmene munkatithamangitsira. Munkati kompyuta si choseweretsa, ndi khasu la munthu wophunzira. Koma Lamulungu lililonse tikabwera kutchalitchi munkadzitsekera pabalaza, mwati mukungoyesa ngati ikugwirabe ntchito. Ife tinkasuzumira pawindo n'kumaona mutu wanu ukupendekera uku ndi uku kutsatira njerwa. Kuyesa kwake kunkatha maola awiri.

Tsono vuto ndi ili. Masewerawa amasunga dzina limodzi lokha, la katswiri. Wina akaposa nambala ija, makina amamufunsa dzina, akalemba, lakale limafufutika osabwereranso. Madisiki otere sapezekanso ngakhale ku Lilongwe kuti ndikopere pena. Ndinajambula pafoni, inde, koma chithunzi ndi chithunzi. Dzina lili m'disikimo munalilemba ndi zala zanu, ndipo pa zinthu zonse zimene munasiya, ndi lokhalo limene palibe analigawa.

Poyamba sindinkada nkhawa. Ine ndinayesa, ndinalephera ngakhale kufika theka. Mpongozi wanu anayesa kamodzi n'kunena kuti zikumuzunguza mutu. Ndinkagona tulo tabwino.

Kenaka anabwera mng'ono wanu, Mayi aang'ono a Esinati. Anabwera kudzathandiza Chikondi m'chikuta, ndipo mwana atatuluka anati atsaleko kwathu masiku awiri. Pano ndi mwezi wachitatu. Tsiku loyamba anaima kumbuyo kwanga, magalasi ali pamphuno, n'kuwerenga dzina lanu chilembo chimodzichimodzi.

“Akulu anga ankatha zimenezi?” anatero. “Munthu woti mpaka kukalamba sanaphunzire kupalasa njinga? Tasuntha iwe Limbani, ndione.”

Inu mukuwadziwa bwino kuposa ine. Kuyambira muli atsikana munkapikisana pa chilichonse: woyambitsa nyimbo kukwaya, wophika futali wokoma, wankhuku zambiri. Mukakumana munkakangana mpaka tiyi kuzizira, koma mukasiyana sabata imodzi aliyense ankadwala. Pamaliro anu iwo sanalire mokweza ngati enawo. Anangokhala pafupi ndi bokosi, manja ali pamiyendo, ndipo atabwerera kwawo anthu ankati asiya kulankhula.

Kompyuta anali asanaigwirepo chibadwire. Anayamba ndi chala chimodzi, akudina ngati akupha nsikidzi. Njerwa zinkaunjikana mpaka kudenga, masewera n'kutha asanapume n'komwe. Ndinkaseka chamumtima. Koma m'mawa uliwonse akangosesa ankakhala pampando wa pakompyuta, ndipo nyumba yonse inkamva. “Bwera kuno wamtaliwe! Iwe wokhota, ndakuitana ndani?” Njerwa iliyonse anaipatsa dzina la munthu wa kumudzi kwanu, ndipo yovutitsa kwambiri ija anaitcha Elube. Anayambanso kudya bwino, Amayi, ananenepa ndithu.

Mwezi woyamba anandiposa ine. Wachiwiri anali atafika pa zikwi makumi anayi. Apa ndinaona kuti dzina lanu lili pangozi, ndipo ndikuvomera, ndinachita zachibwana. Ndinazula chingwe cha magetsi n'kupita nacho kuntchito, n'kuwauza kuti chapsa, china ndichita kuitanitsa kutauni. Anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi. Masana pobwera kudzadya, ndili panja ndinamva kale kung'ung'udza kuja. Anali atazula chingwe cha ketulo, poti pakamwa pake m'pofanana, n'kuchilowetsa kumbuyo kwa kompyuta. Mpongozi wanu anali pambaula kuwiritsa madzi a tiyi, akundiyang'ana ngati ndine ndayambitsa zonsezi. Paja munkati bodza lilibe mwendo, langa silinafike ngakhale madzulo.

Loweruka lapitali m'mawa ndinali panja kupopa njinga. Ndinadabwa kuti m'nyumba muli zii, osamva wina akukalipira njerwa. Nditalowa ndinapeza Mayi aang'ono ali tcheru, zala zitatu zikuyenda, milomo ikugwedera. Njerwa zinkagwa ngati matalala. Nambala yawo inali itatsala pang'ono kukupezani. Ndinayang'ana khoma pamene pali swichi ya magetsi, ndipo dzanja langa linafunadi kupita. Koma ndinaona nkhope yawo, ndinaona mutu ukupendekera uku ndi uku, ndipo ndinabisa manja m'thumba.

Anakupezani, Amayi. Anakudutsani, n'kupitirirabe mpaka njerwa zinawakwirira. Makina analiza kanyimbo kamene sindinakamvepo kuyambira ndili mwana, kenaka anaonetsa malo olembapo dzina, kamzere kakuthwanima kudikira. Mayi aang'ono analiza nthungululu mpaka nkhuku zinathawa pabwalo. Anaimirira, anavina kuzungulira tebulo kawiri, mpongozi wanu akuwaombera m'manja. Ine ndinangoti chilili kuyang'ana dzina lanu, ndikulitsanzika mumtima.

Atatha kuvina anakhalanso pansi, anapukuta manja pachitenje. Anayang'ana kamzere kaja nthawi yaitali. Kenaka anatambasula dzanja n'kudina batani lozimitsira. Galasi linangoti bii.

“Yatsanso,” anandiuza.

Ndinayatsa. Itatha kung'ung'udza, pamwamba panali ELUBE, 48,260, monga kale.

“Dzinalo lisiye pomwepo,” anatero. “Ndikalichotsa, m'mawa ndizikangana ndi ndani? Koma iwe wodziwa kulemba, uwalembere akulu anga kalata, uwauze kuti ndawaposa. Usabise kanthu, ulembe ndi nambala yomwe. Akapanda kumva kwa iwe adzati ndikunama.”

Atatero anavula magalasi n'kupukuta m'maso, akuti chigalasi chanuchi chimawawitsa maso.

Ndiye ndalemba, Amayi, monga andituma. Mng'ono wanu anapeza 51,140, ndinaona ndi maso anga, mpongozi wanu ndi mboni. Mwagonja. Mukwiye pang'ono ngati mukufuna, koma dziwani kuti lero m'mawa anakhalanso pampando paja, anakupatsani moni, n'kuyamba kukukalipirani.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri. Ndikulonjeza kuti Mayi aang'ono ndiwasunga kuno masiku onse amene afuna, ndipo m'mawa uliwonse ndiziwayatsira makinawa kuti muzipitiriza mkangano wanu.

Ndine mwana wanu,
Limbani