Foni Yawakana Amayi

Lachitatu, 14 Ogasiti

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga komanso kamwana kathu kosamva kaja. Musadabwe kuti ndalemba pa pepala ngati kale. Ndikamaliza ndijambula tsamba lililonse ndi foni yanga n'kukutumizirani, ndipo ndiyamba ndapukuta kamera ndi kansalu monga munandiphunzitsira, kuti musanenenso kuti mlongo wanu amajambula ngati ali mu utsi. Ndinayesa katatu kukutumizirani uthenga wa mawu, koma ndikafika pakati mawu amandithawa. Komanso makoma a nyumba ino mukuwadziwa, ukatsokomola kuchipinda wa pabalaza amakupepesa.

Kuno ntchito ikuyenda. Mayunifomu a ana asukulu andiunjikira mpaka pawindo, ndipo mashini aja munkati ndikataye akusokabe ngati atsopano. Denga la kukhitchini tinakonzetsa. Ana anga ali bwino, wamkuluyo wayamba kundiposa msinkhu ndipo akuyesa kuti wandiposanso nzeru.

Achimwene, ndili ndi pempho. Ndikufuna pini ya foni ya amayi, manambala asanu ndi limodzi amene munaika tsiku lija munawagulira foniyo. Ndikudziwa kuti mufunsa chifukwa chake, poti inu simupereka ngakhale singano musanafunse mafunso khumi. Ndiye khalani pansi muwerenge mpaka kumapeto, musandiimbire muli pakati.

Mukukumbukira pepala lija munamata pakhoma pafupi ndi soketi? Lilipobe, layamba kufiira m'mbali. Munalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti amayi aziwerenga opanda magalasi. Asamadikire batire kutheratu. Asamatchaje foni ili pansi pa pilo. Uthenga wonena kuti awina mphoto asamaudine. Wina akaimba n'kumati ndi wa kukampani ya mafoni, azingodula. Pomaliza munalemba kuti pini asauze munthu aliyense, n'kudula mizere iwiri kunsi kwake. Ine ndinafunsa kuti, "Ngakhale ine?" Inu munati, "Makamaka iweyo." Tinaseka tonse, amayi mpaka misozi. Kenako munawaimika pawindo n'kuwauza kuti azunguze mutu pang'onopang'ono kuti foni iphunzire nkhope yawo, iwo ali, "Injiniya wanga, ndiye kuti kanthu aka kazindidziwa?" Malamulo anu onse awasunga kuposa a kutchalitchi. Zaka zisanu zonsezi pini ija sanandiuzepo, ndipo akamailemba ankabisa ndi chikhatho ngati mwana wokaniza anzake kuonera mayeso.

Sindipitanso m'mbali. Pa 2 Julaye, cha m'ma naini koloko m'mawa, amayi ankandithandiza kusita makolala. Ndinamva simbi yagwa. Nditatembenuka ndinawaona atatsamira tebulo, pakamwa patapotokera mbali imodzi, akuyesa kunditchula dzina koma likukana kutuluka. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Tinagonako masiku asanu ndi anayi. Moyo wawo unapulumuka, ndipo pano akuyenda ndi ndodo kuchoka kuchipinda kufika pakhonde. Koma dzanja lamanja silikugwira, mbali yakumanja ya nkhope inagwa, ndipo manambala onse anawabalalika m'mutu. Inu amakudziwani, ine amandidziwa, nyimbo zonse za kwaya akuzikumbukira. Koma mukawafunsa kuti ana anu ndi angati, amakweza zala ziwiri n'kunena kuti seveni.

Tsono mano aja ndinakuuzani kuti anawazula, n'chifukwa chake akulankhula movutikira, palibe dzino limene linazulidwa. Kamera ija ndinati inafa ndi yamoyo. Netiweki nayonso ndaisemera chinyau milungu isanu ndi umodzi, chonsecho ilibe mlandu. Foni ikakhala yokiya imalola kuyankha munthu akaimba, ndiye mukaimba pa vidiyo ndinkadula n'kukuuzani kuti muimbe ya mawu okha. Chimene chinkandipweteka kwambiri ndi mauthenga anu aja ondilangiza: ndiizimitse n'kuiyatsanso, ndione ngati kamera ndinaipatsa chilolezo, ndifufute zinthu zosafunika mwina yadzaza. Munajambula mpaka zithunzi zokhala ndi mivi yofiira yondilozera podina. Ine ndinkayankha kuti ndayesa zonse zakanika, kwinaku ndikuwapukuta amayi malovu pachibwano. Ndikhululukireni.

Sindinachite mwa ine ndekha. Mawu oyamba omveka amene analankhula kuchipatala anali akuti, "Usamuuze." Anandigwira mkono ndi dzanja lamanzere mpaka zikhadabo kulowa. Akudziwa kuti mapepala anu kumeneko sanatuluke, ndipo mukachokako simudzaloledwa kubwerera. Akudziwanso kuti alamu ndi oyembekezera. Anati mwana wawo asataye zaka zisanu chifukwa cha nkhope ya nkhalamba. Ndinalonjeza, poti munthu ali pa bedi la chipatala sukangana naye.

Tsiku limene tinatuluka m'chipatala, ndisanawalowetse m'nyumba ndinathamanga kukatembenuzira kukhoma galasi lalikulu lija makasitomala amadziyang'anirapo. Kagalasi ka kubafa ndinakabisa m'sutikesi. Ndinkadziona wochenjera. Atangokhala pampando anati ndiwapatse foni, akufuna aonere kavidiyo kaja mwana wanu akuvina atavala nsapato zanu. Asanadwale ankakaonera kasanu pa tsiku, ndipo ulendo uliwonse ankaseka pamalo omwewo.

Anainyamula foni kuiyang'anitsa kumaso monga mwa masiku onse. Kaloko kaja kamaoneka pa sikirini foni ikakhala yokiya kanangogwedezeka, osatseguka. Anapukuta kamera ndi nsonga ya nsalu yawo n'kuyesanso. Anavula mpango kumutu. Anati ndiwasendezere pawindo pamene pali kuwala, paja inu munatero. Inakanabe. Kenako anandipatsa foniyo kuti ndiwagwirire, iwo n'kutenga chala cha kumanzere, kukankhira tsaya lakugwalo m'mwamba kuti pakamwa pawongoke, n'kuyesa kumwetulira. Achimwene, ndaona zambiri m'chipatala muja, koma ichi sindidzachiiwala. Foni inadikira pang'ono n'kuzima, ndipo pa galasi lakudalo anadziona koyamba.

Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Ndi ine ameneyu?"

Ndinati, "Ndi kutupa chabe amayi, kuphwa."

Iwo anati, "Usandinamize. Nayonso yaona. Sikundidziwa."

Sanalire. Anaiika foniyo chafufumimba pa tebulo n'kupempha kuti akagone. Amene ndinalira ndi ine, kuseri kwa nyumba, nditaluma yunifomu ya mwana wa eni ake kuti asandimve.

Foni inayamba kufuna pini. Amayi anayesa, chala n'kumangoyendayenda pamwamba pa manambala osadziwa potera. Ine ndi kuuma mutu kwanga ndinayamba kulota. Ndinaika chaka chimene munabadwa, tsiku la ukwati wanu, tsiku limene bambo anatisiya. Foni inati ndidikire mphindi imodzi, kenako zisanu, kenako ola lathunthu. Apo mpamene ndinachita mantha n'kupita nayo kwa wokonza mafoni uja wa m'kontena pafupi ndi depoti, wamagalasi okhuthala.

Anandifunsa kuti, "Mwayesa kangati, mayi?"

Ndinati mwina kasanu ndi kawiri.

Anagwira kumutu. "Basi musayesenso. Pini salota. Mafoni ena mukapitiriza amadzikiyiratu, ena amafufuta zonse. Ine kuflasha nditha, mawa lomwe muitenga ikugwira ntchito, koma ituluka ili mbee ngati yogula kumene. Zithunzi, mavidiyo, mauthenga, zonse zipita, pokhapokha ngati zinasungidwa pa imelo. Imelo yake mukuidziwa?"

Ndinati anatsegula ndi achimwene anga.

"Nanga achimwene anuwo anamwalira?"

Ndinati ayi, ali moyo, amaimba Lamlungu lililonse.

Anavula magalasi n'kundiyang'ana. "Ndiye mwabwera kudzatani kuno? Afunseni. Ikatseguka mubwere nayo, tidzafufute nkhope yakaleyo n'kuiphunzitsa yatsopano. Ndi ntchito ya mphindi ziwiri."

Ndinatuluka m'kontena muja manyazi atandigwira. Munthu wachilendo anaona msanga chimene ine ndinkachizemba. M'fonimo muli zithunzi zonse za mdzukulu wawo kuyambira tsiku lobadwa, muli mauthenga anu a mawu amene ankagona nawo, mulinso zithunzi za maliro a bambo zimene ine ndinataya foni yanga yakale itagwera m'madzi. Sindikanalola kuti zifufutidwe pofuna kuteteza bodza langa.

Nditawafotokozera amayi zophunzitsa foni nkhope yatsopano, anakana. Anati, "Usaiphunzitse iyi. Ndikachira idzandidziwa yokha." M'mawa uliwonse akasamba amainyamula, kuiyang'ana, kaloko n'kugwedezeka, iwo n'kuibweza pa tchaja. Batire silinatsikepo, lamulo lanu lija akulisungabe. Koma mayi amene amawaongola ziwalo Lachiwiri lililonse anandiitanira pambali sabata yatha. Anati mwendo ukulonjeza, dzanja mwina, koma nkhope tisayembekezere kuti idzabwerera mwakale. Izi amayi sindinawauze. Mwaona, ndakhala munthu wonamiza mbali zonse ziwiri, ndipo ndatopa.

Chimene chandilembetsa kalatayi ndi Lamlungu lapitali. Munanena mocheza kuti, "Amayi mwayamba kunyada, simufunanso kutiona." Kumbuyo kwanu mwana ankakuwa kuti akufuna aone agogo. Amayi anaseka nanu, koma mutadula kusekako kunathera pomwepo. Kenako anandifunsa kuti, "Kodi mwana uja akadzandiona sadzathawa?" Ndinazindikira kuti za mapepala anu zija n'zoona, koma chimene akuopa kwenikweni n'chakuti nanunso mudzawayang'ana n'kugwedezeka ngati kaloko kaja.

Tsono nthawi yonseyi mwakhala mukutiphunzitsa ndinu za mafoni. Lero mundilole ndikuphunzitseni ine, telala wosaphunzira. Pamodzi ndi masamba awa ndikutumizirani chithunzi chimodzi chimene ndinawajambula dzulo masana akuwodzera pakhonde. Musachitsegule muli kuntchito kapena m'basi. Mukachitsegule muli nokha, muchiyang'ane mpaka maso azolowere. Ngati n'kulira mulire, mumalize. Alamu muwaonetse, ndipo mwana mumuuze kuti agogo anadwala, tsaya lawo linatopa, koma ndi omwe aja.

Lamlungu muimbe pa vidiyo, sindidula. Muimbe masana kuno kukuwala, chifukwa madzulo amatopa ndipo mawu amalemera. Foni yanu muiimike pa tebulo, musaigwire m'manja, poti dzanja likanjenjemera iwo adzaona. Mukhale moyang'ana kuwindo kuti nkhope yanu ioneke bwino. Akamalankhula musawamalizire mawu, adikireni ngakhale netiweki ioneke ngati yaima, nthawi zambiri imakhala si netiweki. Musawafunse za masiku kapena za manambala. Ndipo ichi ndachiyesa ndekha ndi ana anga: ukamayang'ana nkhope ya munthu pa sikirini, kwa iyeyo umaoneka ngati wagwetsa maso pansi. Kuti aone kuti mukuwayang'ana m'maso, muziyang'ana pa kabowo ka kamera. Sekondi yoyamba ija ndi imene adzaiwerenge. Musadzati kakasi, achimwene. Mudzangoti "Amayi" msangamsanga, monga mumanenera nthawi zonse.

Zobwera kuno sindikukuuzani kuti bwerani kapena musabwere. Mukambirane ndi alamu, mutu ukhale pansi. Ngati mukufuna kundikalipira, muimbe pa foni yanga ndikakhala ku shopu yogula ulusi Lachisanu, ndidzakumverani mpaka mutope. Ndikuyenera. Koma pini ija tumizani lero.

Lero m'mawa ndawauza amayi kuti ndikukulemberani zonse, lonjezo lija ndaliphwanya. Anatembenukira kukhoma, ndipo tiyi amene ndinawapangira anazizira pa mpando. Ndinasoka m'mawa wonse mtima uli m'mwamba, mpaka kolala imodzi ndinailumikiza chozondoka. Cha m'ma thuu koloko ndinamva ndodo ikugogoda pansi, kubwera ku mashini. Anaima pambali panga atakolekera diresi lawo lobiriwira paphewa, lija anavala pa ukwati wanu. Anati, "Landikulira. Ulibweze m'chiuno lisanafike Lamlungu."

Ndalibweza kale, lili pa hang'ala.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze asamanyamule zolemera. Kamwanako mukapsompsone m'malo mwanga. Ana kuno akupereka moni kwa amalume awo. Amayi ndawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndilembe. Aganiza nthawi yaitali, kenako ati ndikuuzeni kuti mukadzawaona musadzaope, ndi iwo ndithu.

Ndine mlongo wanu wokukondani,

Telala wa amayi