Phiri Linandiyankha Ine Osamva

Craig, Colorado

Achemwali a Cleofas,

Munandilakwira. Inu ndi alamu a Eloy munachotsa mfuti ya gogodera ya ababa m'galimoto mwanga, n'kukaibisa ngati mukubisira mwana machesi. Osakhutira, munaimbira mwana wanga Ramona kuti bambo akowo makutu anatha, asakwerenso phiri. Ramona yemweyo ndiye akulemba kalatayi, ndipo ndamuuza kuti akasintha liwu limodzi ndidziwa.

Kaya muli bwanji ku Los Ojos? Bondo lija likukuvutanibe? Kuno tili bwino, kungoti m'tauni muno ngakhale galu amavala juzi.

Kuphiri ndinapita. Anandiperekeza mkamwini wanga Delfino, yemwe uja ndinkati manja ake ndi ogwirira foni basi. Iye anabwereka gogodera kwa mnzake wa kuntchito. Tsiku loyamba ndinaliza chitoliro changa choitanira eliki, nyama zonga mphalapala zija, mpaka milomo kuuma, kuli zii. Ndinati nyama zinatha m'dziko muno. Potsika, Delfino anandiuza maso ali pansi kuti nkhunzi inandiyankha kangapo konse, ine n'kumaidula pakamwa. Ndinamuuza kuti ayambe wamera ndevu. Tinakagona kumsasa.

M'mawa anatulutsa chingwe chomangira udzu wa ng'ombe. Ndinamufunsa ngati wandiyesa bulu. Iye amvekere, “Ayi bambo, bulu amamva.” Ndinaseka ndisakufuna. Mbali ina anamanga pamkono panga, ina pa lamba wake. Akakoka kamodzi ndiye kuti yayankha, ndiitane. Akakoka kawiri, nditseke pakamwa.

Anagwada kutsogolo, ine kumbuyo, monga ankatiikira ababa, kuti nyama pofunafuna woitana idutse pamphuno pa wamfuti. Mphepo inkatiomba kumaso. Ndinaliza chitoliro ngati kankhunzi kamwano. Chingwe chinandikoka. Ndinabwezera, chinakokanso. Achemwali, zaka zonsezi ine ndimati phiri linasiya kundiyankha.

Ndinatola nthambi n'kukwapula mtengo ngati mnzake akunola nyanga. Basi chingwe kawiri. Mtima unkati itananso, ikupita iyo, mwanayu akudziwa chiyani. Ndinangoluma chitoliro. Kenako fungo lija la nkhunzi linandipeza, n'kuona nyanga zikudutsa pakati pa mitengo yoyera, pafupi moti nthunzi ya m'mphuno mwake inkaoneka. Kulira kwa mfuti ndinakumvera m'chifuwa. Utsi unatseka zonse. Utapunguka, Delfino anali kalikiliki kulonganso mfuti, wonga ukutayikira pansi, ndodo yotsinderira ikumupulumuka. Koma chipolopolo chachiwiri sichinafunike.

Nyama Ramona waiyanika ndi tsabola. Gawo lanu lilipo, ngakhale simukuliyenera.

Ndikuthokoza Mulungu pondipatsa mkamwini wosachititsa munthu manyazi. Kwa anzake akungoti apongozi anga anaitana nkhunzi mpaka pamapazi. Za chingwe sanatchule kwa aliyense, ndine ndikukuuzani.

Mundiperekere moni kwa adzukulu onse, ndi kwa azakhali ngati akuzindikirabe anthu. Kwa alamu moni ndidzapereka pamaso.

Mfuti yobwereka ija Delfino wabweza kale kwa mwini wake, ndipo chaka chamawa sindifuna mkamwini wanga akagogodenso pakhomo pa anthu. Musaganize kuti ndavomera zanu zija. Maso anga akuposabe a Eloy atavala magalasi. Kungoti munthu sangagwire chitoliro ndi mfuti nthawi imodzi, ndipo woitana wina ngati ine kulibe. Gogodera ya ababa si yokongoletsera khoma lanu. Ndikuipereka kwa Delfino.

A Eloy aikweze m'galimoto pamodzi ndi nyanga yake ya wonga, abwere nayo okha chipale chisanatseke msewu. Asatume munthu. Adzaiike m'manja mwa mnyamatayo ine ndikuona.

Ndine mlongo wanu,
Eusebio Archuleta