Chilembo pa Mwala wa Amayi

Gulu: ana a naBanda

Lachitatu

10:12 Everlyn: [chithunzi] mwala wa chiliza cha amayi wafika kuno kumudzi. koma taonani pamwamba pa dzinalo

10:15 Felesiya: chimenecho nchani? phazi la nkhuku?

10:16 Everlyn: anthu adzadza pakhonde achemwali. ena akuti ndi foloko ya satana

10:17 Felesiya: Jeremiah!! tinakutuma dzina, madeti ndi mtanda basi. mtanda uli kuti

10:41 Felesiya: ma blue tick ndikuwaona. yankha

11:05 Jeremiah: ndinali mkalasi achemwali. si phazi la nkhuku, ndi chilembo cha chiheberi. dzina lake Shini

11:06 Felesiya: amayi anali mheberi?

11:09 Jeremiah: chimaimira moto wa Mulungu. nthambi zitatuzo ndi Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera. dzina la Mulungu loti Shadai limayamba ndi chomwecho, mawu achiheberi oti mtendere nawonso

11:11 Felesiya: zako za pa youtube zija wafika nazo mpaka kumanda? mzimayi wa Mvano zaka 40, wavala yoyera mpaka kufa, lero anthu aziti ana ake amuika chizindikiro cha satanic

11:12 Jeremiah: mukanandifunsa kaye musanalalate

11:12 Felesiya: iwe unafunsa ndani??

13:30 Everlyn: amalume a Gilibati abwera. akuti mlongo wawo sangagone pansi pa chinthu chomwe sakuchidziwa. abusanso atumiza mawu, akuti loweruka sabwera kudzatsegula chiliza zikakhala chonchi

13:34 Felesiya: wamva Jere? two days yatsala. abale aku Malingunde tawaitana kale

13:50 Jeremiah: pls musakhudze mwalawo. ndifotokoza

13:52 Felesiya: fotokoza pompano

14:25 Felesiya: ok. Eve, uwauze amalume achite zomwe akuona kuti nzoyenera. ine ndalowa mu ward

Lachinayi

06:48 Jeremiah: [uthenga wa mawu 1:52] Achemwali, dzulo sindinayankhe chifukwa ndikanayankhula zoipa. Amayi atagwa sitiroko anakhala kwanga kuno ku Nathenje miyezi isanu ndi iwiri. Pakamwa panapotoka, pemphero la Ambuye linkawakanika, ndiye ankalira ndi ukali. Tsiku lina anandipeza ndikusinkhasinkha ndi makadi anga a zilembo, ndikupuma pang'onopang'ono. Analoza ka Shini. Ndinawauza kuti kamamveka shhh. Anayesa, zinatheka. Mawu okhawo ndi amene pakamwa pawo pankatha kutulutsa bwinobwino. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse timakhala pamphasa, iwo shhh, ine shhh. Pemphero lawo linali limenelo.

06:53 Jeremiah: [chithunzi] kope lawo ili. masamba 31. analemba okha ndi dzanja lamanzere

06:55 Jeremiah: moyo wawo wonse ankadinda chala, ngakhale pa kuponi ya feteleza. chilembo choyamba kulemba ndi chimenechi. chili pamwalacho si cha pa kompyuta, mmisiri anakopera cholemba chawo

06:56 Jeremiah: ndiye mukuti phazi la nkhuku

08:20 Felesiya: ndangotuluka handover. nde bwnj sunanene?? chaka chathunthu uli chete

08:22 Jeremiah: ndinayamba kukuuzani pa maliro. munati zachibwana zako usiye kaye

08:23 Jeremiah: kwanu ku Mitundu ndi kuno ku Nathenje si Joni achemwali. munabwera kangati

08:25 Felesiya: usandiyambe. mankhwala a BP ankatumiza ndani? ma shift ndinkadzisankhira ndekha?

08:26 Jeremiah: munabwera katatu

08:31 Felesiya: komabe unalakwa. amayi sanali ako wekha. ukanatiwonetsa kopelo tonse, osati kutidzidzimutsa pamaso pa mudzi wonse

08:33 Jeremiah: pamenepo ndavomera

08:40 Felesiya: Eve uli kuti. uwauze amalume adikire kaye, ndiwaimbira ndekha. mtanda tingowonjezera mmbali, abusa ndikawafotokozera

08:44 Felesiya: Everlyn

08:45 Felesiya: [kuimba kosayankhidwa]

08:47 Felesiya: [kuimba kosayankhidwa]

08:52 Felesiya: amalumenso foni yawo siikupezeka. Eve pls

10:09 Everlyn: pepani foni inali ku charge pa trading. ndangomvera voice ya achimwene pano

10:10 Everlyn: amalume anabwera ndi mmisiri 7 koloko

10:10 Everlyn: [chithunzi]

10:11 Everlyn: apala chilembocho ndi chitsulo. pangotsala banga loyera

10:13 Felesiya: ndani anawauza kuti apale?! sakanangophimba ndi nsalu mpaka tikambirane?

10:14 Everlyn: munati achite zomwe akuona achemwali. ine ndinangopereka uthenga wanu

10:16 Everlyn: achimwene pepani. ine sindinkadziwa kuti analemba ndi amayi

10:30 Jeremiah: ok

10:31 Felesiya: Jere mmisiri wako uja angathe kulembanso pansi pake. ndiyankhula ndi amalume ineyo, akwiye akwiye

10:58 Felesiya: Jere

Jeremiah watuluka mu gulu

Felesiya kwa Jeremiah

12:15 Felesiya: ndine ndinalamula. usamukwiyire Eve

15:40 Felesiya: [kuimba kosayankhidwa]

17:05 Felesiya: ngakhale usandiyankhule, loweruka ubwere nalo kopelo. sindinawaonepo amayi atagwira cholembera

Lachisanu

07:30 Felesiya: achimwene