Khoma la Kummawa Likhale Loyera

Area 23,
Lilongwe.

Okondedwa achemwali anga a Rozina,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu ndi wa alamu anga kumeneko ku Ntcheu. Nanga amayi, miyendo ija ikuwalola kufika kudimba? Kuno tadzuka bwino, kupatula chifuwa cha fumbi chimene chalowa pafupifupi nyumba iliyonse. Madzi akumatuluka mwa apo ndi apo, koma tikukhala.

Ndasankha kulemba chifukwa nkhaniyi ndikaiyamba pafoni mundidula mawu, monga munkachitira tili ana.

Mukukumbukira kuti pa chinkhoswe cha mwana wanga Tadala amayi sanabwere chifukwa cha miyendo, bambo anabwera okha. Tsiku limenelo anavina ngoma, jekete atalitaya pampando, ambulera ili m'manja m'malo mwa chibonga. Sitinadziwe kuti kunali kuvina kwawo komaliza. Wojambula anawatenga bwinobwino pavidiyo. Maliro atapita ndinayesa kuwaonetsa amayi pafoni. Anaiyandikitsa kumaso, anaitalikitsa, kenako anandibwezera nati, "Mwananga, ine ndikungoona nyerere."

Mawu amenewo sanandichokebe. Inu munandiuza kuti masiku ano mlendo amamuzindikira ndi mawu, ndipo chifunga cha m'maso mwawo chikunka chikulirakulira. Ndatsimikiza mtima kuti pa mwambo wa chiliza mwezi wamawa, amayi awaone amuna awo akuvina maso asanatsekeretu.

Ndiye ndakhala ndikuyendayenda. Ku Biwi kuli mnyamata wamalonda, dzina lake Zaki, amene amagulitsa pulojekita. Ndi kamakina kokwana m'chikwama, kamene kamaponya chithunzi chachikulu pakhoma ngati kanema amene ankabwera pagalimoto kusukulu kwathu kuja, ife titakhala pafumbi, inu mutandifunditsa chitenje chanu. Mtengo wake ndi wowawa. Zakiyo sanandibisire kalikonse. Anati masana sikaoneka, batire yake siichedwa kutha, mawu ake ndi ochepa, ndiponso fumbi ndi mdani wake.

Mnzanga wa kuntchito, Gilford, anandiseka nditamuuza. Anati munthu wa imvi ngati ine sindiyenera kutengeka ndi zidole. Anati ndigule TV yakale ndi batire, zotsika mtengo, zolimba, zoonera ngakhale dzuwa lili paliwombo, ndipo ana a kumudzi azidzaonerapo mpira. Achemwali, Gilford sananame. Wina atandifunsa lero ngati kamakinaka n'koyenera kugula pakhomo wamba, ndingamuuze kuti ayi, gulani TV. Naye mlamu wanu Eness anali mbali ya Gilford. Ankati denga lathu likudontha, ine ndikulota za kanema.

Koma ine funso langa linali limodzi: amayi adzaona kapena sadzaona? Pafupi nafe pamakhala agogo ena, a Nachisale, amene maso awo ali ngati a amayi, ndipo pachinkhoswe paja analipo. Ndinawapempha kuti andithandize kuyesa. Tinapita nawo kwa Gilford n'kuika vidiyo ija pa TV yake. Anayang'anitsitsa, nati akuona kuti pali anthu ovala zowala, koma nkhope zonse n'zofanana.

Kenako Zaki anandibwereka kamakina kaja. Dzuwa litangolowa tinatseka makatani, ndinaloza pakhoma loyera la pabalaza. Bambo anatulukira aakulu ngati munthu weniweni, akuponda pansi mwamphamvu, ambulera ili m'mwamba. A Nachisale anadzuka pampando osagwira ndodo.

"Si achikulire a ku Ntcheu aja awa? Taonani ndevu zija."

Eness analowa kukhitchini ndipo anakhalitsako. Atatuluka anangoti ndikagule, denga lidikira. Ndinagula Loweruka lapitali.

Tsopano vuto latsala ndi poonetsera. M'nyumba mwa amayi simungakwane abale onse, choncho tidzaonera pabwalo. Ine ndimaganiza zodzakoloweka nsalu yoyera pamtengo wa mango. Eness anandiyang'ana ngati mwana, nandifunsa ngati ndikufuna kuti amayi aone nsanda itapachikidwa pakhomo pawo tsiku la chiliza cha amuna awo. Ndinachita manyazi. Zaka za m'tauni zimaiwalitsa munthu zinthu zoti ngakhale mwana wa kumudzi amadziwa.

Ndinayesanso pampanda wathu wa njerwa. Nkhope ya bambo inaduka zidutswazidutswa, osazindikirika. Kamakinaka kamafuna khoma losalala ndi loyera, lopanda chilichonse.

Apa ndi pamene pali pempho langa. Tonse tikuwadziwa amayi. Akamva kuti kukubwera alendo, amatuma ana kudambo kukatenga makande ndi kuchulu kukatenga katondo, n'kuzira nyumba yonse, kenako n'kujambula maluwa ndi mizere pakhoma la kummawa, loyang'ana pabwalo lija. Maso atha koma manja akudziwabe njira. Ndikukhulupirira kuti ayamba kale kuzikamba. Chonde, chaka chino khoma limenelo lisajambulidwe. Mulizire losalala, ndipo likauma mulipake laimu amene ndimutumize pabasi sabata ino. Mupake kawiri. Ndasankha la kummawa chifukwa ndi limene limayamba kuda madzulo.

Ndikudziwa kuti adzakana. Adzati khoma lopanda maluwa limachititsa manyazi nyumba imene muli mkazi, ndipo alendo adzati a Naphiri akalamba. Musawanamize, musanenenso kuti ndi nzeru zanu. Muwauze kuti ndine ndapempha, ndipo muwauze chifukwa chake. Makoma atatu otsalawo ajambule mmene mtima wawo ukufunira. Akaumirirabe mundiimbire, ndidzabwera msanga kudzawagwadira ndekha, koma khomalo silijambulidwa.

Mpando wawo tidzauika patsogolo penipeni. Kamakinaka ndidzabwera nako katadzaza moto, ndipo palibe adzakakhudze, ngakhale ana alirire mpira, mpaka amayi ataonera.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Josiah, kwa atsibweni, kwa azakhali ndi kwa ana onse. Eness ndi Tadala akupereka moni wambiri. Amayi muwagwire dzanja m'malo mwanga.

Ndine mlongo wanu,
Pearson

Ndinatsala pang'ono kuiwala. Laimuyo mupake kuchokera pansi mpaka kukafika kudenga, musasiye malire. Bambo anali aatali, ndipo ambulera ija anaikweza m'mwamba.