Chipinda cha Brendon Ndatsekula

St Mary's, Chitungwiza
14 Juni 2025

Okondedwa achimwene a Stephano,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Ntcheuko pamodzi ndi alamu ndi ana. Miyendo ija ikukuvutanibe? Ife kuno tilipo, kungoti chaka chino kwazizira kwambiri.

Mudabwa kulandira kalata yanga patatha zaka zinayi. Mauthenga anu a pafoni ndinkawaona onse, koma ndinkasiya dala osayankha. Werengani mpaka kumapeto, mumva chifukwa chake.

Mwana wanga Winnet anabwera kuchokera ku Cape Town mu Epulo, ali woyembekezera. Gogo amene ankawasamalira kumeneko anamwalira, ndiye ntchito inatha. Mwamuna wake watsala komweko. Chibwerereni wakhala akugona pansi pabalaza, chifukwa chipinda cha mlongo wake Brendon ndinachikhoma tsiku lomwe tinachoka kumanda, kiyi n'kumayenda naye m'chikwama. Winnet sanadandaulepo.

Tsiku lina ndikusesa ndinapeza makadi m'kathumba, pansi pa pilo wake. Osati a juga ayi. Anali ndi zithunzi: munthu atapachikidwa chadodolido, nsanja ikuyaka moto, chigoba cha munthu chitakwera hatchi. Ine mayi wa Mvano, m'nyumba mwanga mupezeke zamaula? Ndinatsala pang'ono kuwaponya pambaula.

Atabwera kuchokera ku sikelo ndinamufunsa. Mukudziwa ana a kuno, umawalankhula Chichewa iwo n'kumayankha Chishona, koma tsikulo anayesetsa chathu. Anati makadiwo amatchedwa taroti, ndipo anamusiyira ndi gogo aja. Anavomera kuti ena amaombezera nawodi, koma gogowo ankangotenga limodzi m'mawa, n'kuliyang'ana, n'kudzifunsa kuti mtima wawo uli pati. Anati ngakhale lachigoba lija silinena za maliro, limanena za chinthu chimene chatha kuti china chiyambe.

Sindinakhutire. Ndiye anasankha limodzi n'kundipatsa. Panali munthu wovala zakuda, atawerama, akuyang'ana makapu amene agwa n'kutayikira pansi. Anandifunsa kuti ndikuona makapu angati. Ndinati atatu. Anati ndiyang'anenso bwino. Kumbuyo kwa munthuyo kunali ena awiri, ali chilili, osatayika.

"Mhamha, inenso ndilipo," anatero.

Ndinatuluka panja n'kukatsuka mbale zotsukatsuka kale.

Patapita masiku, tikusadzula masamba, anandiuza kuti gogo aja ankatsata chiphunzitso cha Buddha, mphunzitsi wakale wa ku India. Akuti mayi wina mwana wake atamwalira anapita kwa mphunzitsiyo kukapempha mankhwala omudzutsira. Iye anamutuma kukapempha njere za mpiru, koma zichokere m'nyumba imene simunagwepo maliro. Mayiyo anayenda khomo ndi khomo. Mpiru unali paliponse, koma nyumba yotero sanaipeze.

Ndinamuuza kuti ine ndili ndi Baibulo langa. Anaseka, n'kunena kuti sakundilanda.

Koma mawa lake, popita kumsika ndi dengu langa, ndinayamba kuwerenga mageti a mumsewu wathu. Kwa Mai Shingai kunamwalira mwamuna. Kwa a Gordon, ana awiri chaka cha kolera chija. Kwa aphunzitsi a pakona, mayi awo. Ndinakafika pokwerera makombi, maminibasi a kuno, osapeza ngakhale geti limodzi limene silinaonepo maliro. Maliro onsewa ndinapitako, ndinaphika nawo, ndinaimba nawo. Komabe zaka zonsezi ndinkayenda ngati wofedwa mu St Mary's monse ndine ndekha.

Tsopano ndinene chimene ndalembera. Achimwene, ndinkakuimbani mlandu. Ndinu munamupezera Brendon ntchito ya pa thiraki ija, ndipo itagubuduzika ku Tete ndinati mumtima mwanga mwandiphera mwana. Munayenda masiku awiri kubwera kumaliro, ine osakupatsani ngakhale moni. Ndinadziiwalitsa kuti ndine ndinakuchondererani kuti mumufunire chochita, asamangokhala pa shopu ndi anzake akumwa. Kukwiyira inu kunali kopepuka kusiyana ndi kukumbukira zimenezo. Ndinakulakwirani. Mundikhululukire.

Loweruka lapitali ndinatsekula chipinda chija. Jekete lake linali pamsomali monga momwe analisiyira. Tinalira ndi Winnet, kenako tinaseka titapeza pansi pa bedi makapu anga a alendo amene ndinkanamizira anthu kuti anaba. Tinakolopa, tinachapa makatani, ndipo pano Winnet akugona pabedi. Makadi ake ali pawindo. Sindiwagwira, komanso sindinawatenthe. Ku Mvano ndikupitabe Lachinayi lililonse, ndipo ndikuona kuti ndayamba kumva bwino zimene timaimba.

Pa holide ya mu Ogasiti tikufuna kuvundukula chiliza cha Brendon kumanda a ku Unit L. Ndinkazengereza chifukwa sindinkafuna kukuonani. Chonde bwerani. Ndinu malume ake, ndipo palibe wina amene ndikufuna kuti adzalankhule pamandapo. Mulungu akalola, mudzapeza mwana wa Winnet atabadwa.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa mwana wanu Hezekiah ndi kwa onse a pamudzi. Ambuye akusungeni ndi kukupatsani mphamvu ya ulendo.

Nsapato za Brendon ndi saizi naini, ndipo zina sanazivalepo. Mundiuze ngati zingamukwane Hezekiah.

Ndine mlongo wanu,
Florida