Jenereta ya Wometa Tsitsi

Lolemba, 3 Juni

Mwezi wachiwiri ndili pandekha. Galaja yangayanga: malata, zitseko ziwiri, dzenje loonera kunsi kwa galimoto, benchi. Magetsi okha palibe. Mapolo anathera kumsewu waukulu, kuno sanafike.

Lero matayala okhaokha, ndi pampu ya phazi. Mwendo ukunjenjemerabe. Kompuresa yopopera matayala ndi galayinda yodulira zitsulo zimene ndinagula ndikusiya ntchito zangokhala pakona ngati alendo odikira madzi osamba.

Koma sindikudandaula. Palibe wondiwerengera nthawi. Masana ndinawodzera pampando wa galimoto ya kasitomala, palibe anandifunsa.

Lachitatu, 5 Juni

Kunabwera bambo a magalimoto onyamula buledi. Ali nawo atatu, onse okalamba. Akufuna makaniko mmodzi woti aziwasamalira mwezi ndi mwezi. Anazungulira galaja yonse, kenako n'kugunda kompuresa ndi nsonga ya nsapato. "Iyi imagwira, kapena ndi yokongoletsa?" Ndinaseka, koma chinandilasa. Akuti abweranso kumapeto kwa mwezi. Akaipeza ikulira, ntchito ndi yanga.

Ndiye jenereta basi. Yonyamulika, yoti madzulo ndiziitsekera. Yamphamvu. Yotchipa. Zitatuzi sizikhalira nyumba imodzi.

Ndawauza mayi a ana tikudya. Anangoti, "Musakagule nokha, inu mumamvera chisoni ogulitsa." Sananame.

Loweruka, 8 Juni

Tsiku lonse m'masitolo ndi alamu, achimwene awo a mayi a ana. Munthu wabwino, kungoti chinthu chimene sachidziwa sichinapangidwe.

Iwo anagwa m'chikondi ndi chijenereta chofiira, chachikulu ngati firiji yogona. Mtengo wotsika mokayikitsa. Manambala akuluakulu pabokosi, dzina losawerengeka. Wogulitsa atachiyatsa tinayamba kulankhulana ndi manja. Alamu anandikuwira m'khutu, "Imeneyo ndiye mphamvu, alamu!" Nditafunsa za masipeyala, wogulitsa anayamba kuyang'ana kudenga.

Panali ina yaing'ono, yoyera, yolira ngati mphaka wokhuta. Ndinaisisita. Nditamva mtengo, dzanja linabwerera lokha m'thumba.

Sitinagule. Alamu anatupa pang'ono. Botolo lozizira, zinatha.

Lamulungu, 9 Juni

Masana pakhonde ndi zida zanga, kuwerenga timalata tolembedwa kumbuyo kwake. Galayinda sidya zambiri. Chochajira mabatire ndi babu, zamwana. Vuto ndi kompuresa. Poyamba kulira imakoka mphamvu yoposa imene inalembedwa, ngati munthu wonenepa podzuka pamphasa. Kajenereta koyera kaja sikangathe, ngakhale ndalama ndikanakhala nazo. Mtima wakhala pansi. Kusirira chinthu chosakuthandiza n'kudzisowetsa tulo chabe.

Yofunika ndi yapakatikati. Petulo payekha, oyilo payekha, osati zosakaniza zija za utsi wabuluu.

Mvula yawaza pang'ono. Kunja kukununkhira dothi. Tsiku labwino.

Lachinayi, 13 Juni

Mayi okhala kuseri kwa mpanda wa galaja, amene ali ndi khanda, anandiitana m'mawa. Amva kale za jenereta. Alamu amenewo, wailesi yosasowa batire. Mayiwo analankhula mwaulemu, maso ali pansi: "Bambo a galaja, mwanayu amagona masana okha, usiku ndiye timachezera naye." Zenera la kuchipinda kwawo lili pomwe ndimafuna kuiika.

Sindinaliganizire n'komwe. Manyazi.

M'kati mwa galaja singakhale, utsi wake umapha munthu akuseka. Ndiye ikhale panja, mbali ya kumsewu, kutali ndi zenera. Pafunika waya wautali, wonenepa. Zinanso zogula. Walira mvula walira matope.

Chofiira cha alamu chagwera pomwepa. Ndi chimenecho khanda likhoza kuyamba kuyenda lisanakwawe, pothawa.

Lachiwiri, 18 Juni

Sabata yokoma. Mabuleki, kilatchi, ladiyeta yodontha. Zonse zosafuna magetsi, ngati Mulungu akusankha yekha zonditumizira.

Mwini ladiyeta wanditsina khutu: wometa tsitsi wa kufupi ndi siteji ya mabasi amulumikizira magetsi, jenereta yake akugulitsa. Yogwirapo ntchito, inde, koma ntchito yanji? Timakina tometera ndi wailesi. Injini imeneyo sinatulukepo thukuta.

Tulo tikuvuta, koma chifukwa cha chimwemwe.

Lachinayi, 20 Juni

Tinapita ndi mayi a ana. Kompuresa ndinaikweza pawilibala mpaka kwa wometa, anthu m'njira akundiyang'ana ngati ndaba. Bola kusekedwa kusiyana n'kugula chinthu chongomva.

Jenereta yachikasu, utoto wosupuka m'mbali, fumbi la tsitsi paliponse. Oyilo woyera bwino. Pulagi youma, yamtundu wa khofi. Chingwe chinandikaniza pang'ono pokoka, ndiye kuti m'kati mudakali moyo. Inalira ulendo wachiwiri. Nditalumikiza kompuresa inagwada, mawu anatsika, mtima wanga nawo unatsika, kenako inadzuka n'kupitiriza. Ndinafuna kuvina.

Apa ndiye ndinalakwitsa, ndinamwetulira. Mayi a ana anandiponda phazi. Anayamba kuipeza zifukwa zimene ine makaniko sindinazione. Tayala limodzi lopendekeka. Chivundikiro cha thanki chosweka. Anafika potembenuka ngati tikupita, ine ndili kakasi ndi wilibala. Wometa anagwira kumutu. "Mayi, inu mukumeta ine lero, popanda ndi madzi omwe." Anatsitsa, n'kuwonjezera kachigubu ka petulo. Ndalama yotsala ikwanira waya.

Pobwerera wilibala inanyamula ziwiri. Msana ukuwawa, koma sindikuumva.

Loweruka, 22 Juni

Ndaimangira kanyumba ka njerwa mbali ya kumsewu. Denga la lata, m'mbali mipata yoti mpweya uzidutsa, pansi tayala lakale loti isamanjenjemeretse nthaka. Unyolo ndi loko. Oyilo watsopano, ngakhale wakale anali bwino. Mkwatibwi salowa m'nyumba ndi zovala zakale.

Alamu anabwera kudzaona. Anaizungulira manja ali kumbuyo. "Ndi yomweyi ndimakuuzani ija." Ndinavomera. Mtendere ndi wotchipa kuposa petulo.

Nditaiyatsa ndinapita kuseri kwa mpanda kukamvera. Mayi aja anandikodola kuti ndisuzumire pazenera. Khanda lili gone, kukamwa kuli yasa. Akuti kulira kwa patali kotereku ndiye kukuligonetsa bwino.

Babu layaka m'galaja koyamba. Sindinadziwe kuti makoma ndi akuda chonchi.

Lachisanu, 28 Juni

Bambo a buledi anafika m'mawa ndi galimoto imodzi, tayala lakumbuyo litaphwa. Mayeso enieni. Ndinapita kukanyumba monyadira, ndinakoka chingwe. Zii. Ndinakokanso. Zii. Kukoka, kukoka, thukuta mpaka m'maso. Iwo angoima, akusewera ndi makiyi. M'mutu munadutsa zonse: wometa wandipusitsa, alamu adzandiseka mpaka kumanda, lendi ya galaja ndilipira ndi chiyani.

Kampopi ka petulo. Ndinakatseka ndekha dzulo poweruka. Kutsegula, kukoka kamodzi, inalira.

Tayala linadzaza ndisanapukute nkhope. Bambowo anaseka mpaka kutsamira galimoto. "Munthu wotseka petulo poweruka ndi amene ndikumufuna. Makaniko wakale ankandimwera petulo." Magalimoto onse atatu ndi anga kuyambira mwezi wamawa. Anandisiyira mikate iwiri.

Nditatsala ndekha ndinakhala pabenchi. Ndinadya buledi wouma ndi manja a girisi. Sindikumbukira chakudya chokoma kuposa chimenecho.

Lolemba, 1 Julayi

Ndimayesa nkhani ya jenereta yatha. Ayi.

Ndikutsegula zitseko m'mawa, ndangoona mayi a ana akubwera, pamutu katundu wokutidwa ndi nsalu, kumbuyo alamu atasenza tebulo. Kuvundukula: makina osokera amagetsi, a mng'ono wawo, akuti anangokhala pansi pa bedi. Ndinafunsa kuti zikutanthauza chiyani. "Mipando ya magalimoto amene mumakonzawa mumaiona? Yong'ambika yokhayokha. Inu kunsi, ine m'kati." Pakona pamene pankakhala kompuresa asesapo kale. Benchi langa alisunthira kukhomo osandifunsa. Kalendala yanga ya matayala aichotsa.

Ndinayesa kuwaopseza kuti lendi tigawana. Akuti tiyambe tagawana za kuphika.

Chikwatirane, m'mawa uliwonse timasiyana pachipata, wina uku wina uku, kukumana kutada, tonse otopa. Pano ndikulemba ndili pabenchi, ndikuwaona akulowetsa ulusi mu singano, lilime lili panja pang'ono ngati mmene ankachitira ali mtsikana. Ndinali nditaiwala kuti amatero. Kugona masana kwatha, ndikudziwa. Komabe mumtimamu muli ngati...

Akundiitana. Akuti ulusi walowa, ndikudikira chiyani osakayatsa jenereta.