Tomato wa M'bafa

Trelawney,
19 Ogasiti 2024

Asisi Selestina,

Muli bwanji kumeneko? Amayi bondo lija lasiya kutupa? Ife kuno tili moyo, koma ndikati tili bwino ndikunamizani.

Munandifunsa pafoni kuti ababa bwanji masiku ano akungoyankha eya, ayi, n'kundibwezera foni. Sindikanatha kukuuzani, anali pomwepo akumva. Ndiye ndalemba, ndipatsira a Estevao amene akukwera basi ya ku Blantyre Lachisanu, akatsikira pa Mwanza. Muwerenge kaye nokha, amayi muwauze pang'onopang'ono.

Asisi, ababa achotsedwa ntchito. Ndipo ndachititsa ndine. Kapena si ine. Dikirani ndifotokoze bwinobwino.

Paja kuchipatala anawapeza ndi shuga n'kuwauza kuti achepetse sadza, nsima ya kunoyi, achulutse masamba. Masamba ake ati? Mvula chaka chino inakana. Kudambo kuja munkalima inu eni pulazi anatchingako waya, akuti madzi a damu ndi a fodya basi. Kuchibhorani, pamjigo paja, banja lililonse likutunga ndowa ziwiri patsiku. Pakhomo napo mukupadziwa, ukatuluka pachitseko wagunda kale khoma la eni. Ndiye ine ndi Agriculture yanga ya Fomu 4 ndinati ayi, ndiwaonetsa anthu. Mu Malichi ndinatola masaka a feteleza asanu ndi limodzi, kuthiramo dothi la pachulu ndi zitosi za nkhuku, kuboola m'mbali, kubzala masamba a kovo ndi repu. Ndinawandandalika m'bafa mwathu, muja mwa udzu mopanda denga. Mbuzi sizilowamo, chisanu cha Juni chinangodutsa pamwamba, ndipo madzi otsukira mbale ndi osamba onse ankathera momwemo. Zinamera, asisi! Tsamba limodzi kukula ngati mbale!

Koma ababa mumawadziwa. Ati muriwo wopanda domasi, ndiye kuti ndiwo zopanda tomato, n'chakudya cha mbuzi. Ankangolawa n'kukankha mbale. Ndiye ndinafinya tomato mmodzi wowola, kuyanika njere, kubzala mitengo inayi pakona ndi tsabola mmodzi. Ndinkadziwa kuti n'koletsedwa, sindingakane. Mukomboni aliyense amadziwa kuti tomato, tsabola ndi mbatatesi ndi abale a fodya, matenda awo ndi amodzi. Ndipo ababa ntchito yawo ndi ya kunazale, tsiku lonse manja ali pa mbande. Ine ndinangoti angasuzumire ndani m'bafa mwa eni? Ababa ataona anangoti iwe mwana iwe, basi. Tsiku limene ndinaphika ndiwo za tomato anamaliza mbale n'kuipukuta ndi chala.

Mwezi uno utangoyamba, mbande za m'mabedi atatu zinachita mawangamawanga, masamba kupiringizika. Manija anabwera ndi munthu wa kukampani yogula fodya. Uyo anangoyang'ana n'kunena kuti mabedi atatuwo azulidwe, awotchedwe, ndipo matendawa abwera ndi manja a munthu. Lolemba lapitali m'mawa folomani wathu, a Lazaro, anayenda nyumba ndi nyumba ndi alonda awiri, manija ali pambuyo. Ine ndinali kuchibhorani. Pobwera ndinapeza komboni yonse ili pakhomo pathu, masaka anga ali panja atang'ambidwa, tomato wosapsa atapondedwa. Kovo amene analibe mlandu naye anamuzula. Mai Rudo, aneba athu aja, n'kumakuwa kuti heee, ena timasamba ndi sopo, kumeneku amasamba ndi madomasi! Anthu kuseka mpaka kugwira m'mimba.

Manija anafunsa kuti wabzala ndani. Ndinatsegula pakamwa, ababa anandiyang'ana ndi diso lija, n'kuyankha kuti ndi iwowo. Zaka makumi atatu ndi ziwiri papulazi pano, eni akale anachoka iwo alipo, atsopano anawapeza alipo, zonse zinathera pa kapepala kamodzi. Akuti nyumba tikhale titatulukamo Seputembala asanathe, ikufunika kwa ena odzawokera fodya.

Tsopano imvani chimene chikunditentha mumtima. Tomato wanga analibe banga ngakhale limodzi! Ndinatola masamba onse aja n'kuwayang'ana limodzi limodzi, oyera ngati chiyani. Ndipo buku lathu la kusukulu limanena poyera kuti matendawa amabisalanso mufodya wouma, wosuta ngakhale wam'mphuno. N'chifukwa chake pageti la nazale pali beseni ndi sopo. Nanga amayenda ndi kabotolo ka fodya wam'mphuno m'sokosi ndani? A Lazaro! Amakafwenkha kuseri kwa thanki, n'kubwera kudzasisita mbande ndi zala zomwezo, ati akuyendera ntchito. Aliyense amawaona, palibe amene akutsegula pakamwa.

Ndinawauza ababa kuti ndikupita ku ofesi kukanena. Anandigwira mkono, asisi, mpaka lero ukupweteka. Ati ndaiwala kuti a Lazaro ndi amene anakumba manda a achimwene athu a Fredson, nthawi ya kolera ija anthu onse akuopa kuyandikira? Ati pakhomo pa a Lazaro pali ana asanu ndi awiri kuphatikiza adzukulu amasiye, akatulutsidwa akagona kuti, pamene ife tili awiri okha? Ine ndinati nanga ife awiriwo tikagona kuti? Iwo anangondifunsa kuti tomatoyo m'bafa analimo kapena munalibe. Ku ofesi sindinapite.

Dzulo kutchalitchi a Lazaro ndi amene anawerenga mawu. Potuluka anabwera kudzawagwira ababa chanza ndi manja awiri, maso ali pansi. Ine anandifunsa kuti mwana wasukulu wadzuka bwanji. Ndinangowayang'ana sokosi. Ababa anandikalipira njira yonse kuti ndilibe ulemu. Masana akazi awo a Lazaro anabweretsa mtolo wa kovo wogula ku Banket. Ndinafuna kuwaponyera kumaso, koma ndinaphika, chifukwa chiyambire Lolemba ababa akungodya sadza ndi matemba, ndipo akaimirira akumachita chizungulire. Simbi ya ntchito, belu lija, ikalira m'mawa amavalabe magambutsi, n'kukhala pakhomo kumayang'ana anzawo akudutsa.

Pempho langa ndi limodzi. Mupite ndi amayi kwa amalume a Lemani, mukawafunse ngati angawalandire ababa pamudzipo. Ndikudziwa kuti chikamwini sanakhalepo, kwa apongozi awo sanalimeko ngakhale mzere umodzi. Anabadwira mukomboni, Malawi amamudziwira pafoni. Kwawo kwa agogo aamuna palibe akudziwa ngakhale dzina la mudzi. Ababa okha sangapemphe, ndawayesa kale, ati mkamwini wa imvi anamuonapo ndani. Ndiye amalume akavomera, musanene kuti ndalemba ine. Amayi aimbe okha, anene kuti bondo lawavuta, dimba likuwakanika, akufuna amuna awo abwere. Akamva kuti akufunidwa mwina adzanyamuka. Akamva kuti akuwamvera chisoni, adzafera pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu wa ku Chinhoyi.

Yankho mutumize pafoni ya mnzanga Plaxedes, osati yathu. Ndipo amalume akakana musandibisire, mundiuze msanga. Tsiku lomwelo ndikupita ku ofesi kukawatchula a Lazaro, kabotolo ndikawatulutse m'sokosi manija akuona. Ababa akafuna kundikana kuti si ine mwana wawo, andikane tili m'nyumba.

Moni kwa amayi, muwauze asamayende kwambiri ndi bondolo. Moni kwa amalume ndi akazi awo, kwa alamu anga a Harvey, ndi kwa azakhali a kutsidya. Ana anu muwapsompsone, wamng'onoyo sindinamuonebe ngakhale pachithunzi.

Ndine mng'ono wanu,
Talandira